Kwa Tadala, usanakwere ndege ya ku Manchester

Mwana wanga Tadala,

Azakhali ako anaimba foni Lamlungu usiku akulira. Msuweni wako uja wa ku Leeds, ndalama zonse ankasungira nyumba zija anakagula nazo masheya a kampani imodzi imene anzake kuntchito ankaitama, ndipo lero ngakhale theka silinatsale. Chimvereni zimenezi tulo sindikutiona, chifukwa ukupita kudziko komweko, ndipo malipiro oyamba akangolowa anzako adzakuonetsa pafoni masheya amene akukwera.

Undimvetse bwino. Kampani ikamatchulidwa ndi aliyense ndiye kuti mtengo wake wakwera kale, ndipo wogula mochedwa amalipirira maloto a anthu onse. Mu Malichi 2000 Cisco inali kampani yamtengo wapatali kuposa zonse padziko. Pofika 2002 masheya ake anali atagwa pafupifupi 90 peresenti, ndipo panadutsa zaka zoposa 20 osabwerera pamtengo uja, chonsecho kampaniyo phindu inkapanga. Amene anamwaza ndalama zawo m'makampani onse a pamndandanda wa S&P 500 nawonso anagwa, anagwanso mu 2008, koma pofika 2013 msika unali utapitirira pamene unali mu 2000. Zoom, imene munkaphunzirira nthawi ya Covid ija, sheya yake inadutsa madola 500 mu Okutobala 2020. Pakutha kwa 2022 inali yosakwana 80.

Udzati nanga Apple, nanga Nvidia. Inde, alipo amene analemera nawo. Koma ndili msinkhu wako aliyense wojambula zithunzi ku Limbe ankagwiritsa filimu ya Kodak, chithunzi cha ukwati wathu ndi mayi ako chinatuluka momwemo, ndipo palibe ankaganiza kuti kampaniyo idzalephera kubweza ngongole mu 2012. Msuweni wakonso ankati akudziwa kusankha.

Ugule jekete lochindikala, kutchalitchi usasiye. Chimanga takolola, mng'ono wako wakhoza mayeso, agogo miyendo ikuwavutabe.

Ndiwe mwana wosamala, ndikudziwa, umasunga ndi chenji chomwe. Koma msuweni wako uja nayenso anali wosamala. Ngati ufuna masheya, gula thumba la masheya a msika wonse, pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndi ndalama yoti sukuifuna msanga. Ya lendi usaikhudze, ndipo usakongole.

Chonde Tadala, usanadine chilichonse pafonipo undiimbire, ngakhale pakati pa usiku. Ndapota nawe mwana wanga, undilonjeze.

Ndine bambo ako.