Mphwanga, Lambula Mphepo Isanakule

Mphwanga wokondedwa,

Amayi ako akuti chimanga chalowa m'nkhokwe, koma tsekera wafika mpaka kuseri kwa khola. Zimenezi zandisowetsa mtendere.

Moto suyaka popanda zinthu zitatu: choti udye, mpweya, ndi kutentha koti kuuyambitse. Chimodzi chikachoka, moto umafa. Ukauthira mchenga wautsekera mpweya. Ukauthira madzi wauchotsera kutentha.

Tsono taganiza za kwathu ku Vubwi mu Ogasiti ndi Seputembala. Mvula inaleka mu Epulo, udzu wauma gwaa. Mphepo sungailetse, ndipo imanyamula mbaliwali n'kudumpha nazo msewu. Choyambitsa moto nachonso sichisowa: anyamata osaka mbewa, wofula njuchi ndi muuni wake, kotsala ka fodya kotayidwa m'njira, uvuni wa makala wosiyidwa wopanda munthu. Onsewa sungawalondere. Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti moto umathamanga koposa pokwera phiri, chifukwa malawi amayamba awamba udzu wa kumtunda asanaufike. Nyumba yako ili pachitunda, mphwanga, ndipo tchire lili kumunsi kwake.

Chili m'manja mwako ndi chakudya cha motowo. Lambula kuzungulira nkhokwe, khola ndi nyumba, mpaka dothi lioneke, ndipo mpatawo ukhale waukulu ndithu, osati kanjira ka mbuzi. Mitolo ya udzu wofolera uisunthire kutali. Mapesi usawatenthe, ndi chonde cha munda wako, koma asagundane ndi tchire. A zankhalango amalangiza kutentha tchire mu Meyi kapena Juni, udzu udakali ndi chinyezi, ndipo ine ndimagwirizana nawo. Moto wa nthawi imeneyo umayenda mofatsa, pamene wa Okutobala umapha ndi timitengo ta masuku tomwe. Ukafuna kutentha, uwadziwitse anyakwawa ndi anansi ako, mukhale ndi nthambi zaziwisi m'manja, kutakhala bata.

Petulo wa njinga yako yamoto asagone m'nyumba yaudzu. Akayaka usathire madzi, amangomwazika ali chiyakire, thira mchenga.

Kumapeto kwa Ogasiti anthu adzakhamukira ku Mkaika, ku Katete, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo pamudzi padzatsala agogo ndi ana, amene sangalimbane ndi moto. Ntchito yolambulayi ithe tsikulo lisanafike. Ngati makasu akuchepa undiuze, nditumiza ndalama.

Upereke moni kwa amayi ako ndi ana onse.

Ndine malume ako.