Kiyi wa njinga yanga yamagetsi

Ine ndakalambira pa njinga yakapalasa. Kuyambira ndili mnyamata ndakhala ndikunyamula katundu wa anthu kuno ku Zóbuè, kuchokera pamsika kukafika pachipata cholowera ku Mwanza m'dziko la Malawi. Matumba a mbatata ya kachewere yochokera ku Tsangano, kabichi, shuga, zonsezo zadutsa pa kaliyala wanga. Koma zaka sizibwerera m'mbuyo, ndipo maondo anayamba kukana zitunda za kwathu kuno.

M'chaka cha 2023 mwana wa mlongo wanga anandimvera chisoni. Iyeyu amagwira ntchito ku mgodi wa malasha ku Moatize, uja unayambidwa ndi kampani ya Vale mu 2011 n'kugulitsidwa kwa Vulcan mu 2022. Anandigulira njinga yamagetsi yogwirapo kale ntchito, nayikweza pa chapa mpaka kwathu. Batire lake ndi la mavoti 48, ndipo injini yake ili m'kati mwa gudumu lakumbuyo. Ukangopotokola chogwirira cha kudzanja lamanja, njinga imanyamuka yokha. Abale, ndinabwerera ku unyamata!

Koma njingayo inali ndi chilema chimodzi. Swichi yake inathyoka kalekale, ndipo mwini wake woyamba anangolumikiza mawaya awiri n'kukulunga tepi. Choncho batire likakhala m'malo mwake, njinga inali yoyaka usana ndi usiku. Njinga yamoto ikayaka aliyense amaimva, ndipo ana amaiopa. Yamagetsi imangoti zii ngati yagona, chonsecho ili maso.

Tsiku lina Loweruka ndinaiimika pakhonde n'kulowa m'nyumba kukamwa madzi. Mdzukulu wanga wamkazi wa zaka zinayi anafika nagwira chogwirira chija monga amaonera agogo ake akuchita. Ndinangomva phokoso ndi kulira. Njinga inalumpha n'kumukoka mwanayo, nakamenyetsa mutu pa ngodya ya khonde. Kuchipatala anamusoka pachipumi. Pobwerako mayi a kunyumba sanakalipe ayi. Anangoti, "Bambo, galu woluma timamumanga pa chingwe. Nanga uyu wanuyu mumumanga liti?" Usiku umenewo tulo sindinatione, chifukwa wolakwa sanali mwana kapena njinga, koma ine amene ndinkadziwa za swichiyo n'kumangoti ndikonza mawa.

Lolemba ndinakwera chapa ndi njinga yanga pamwamba, ulendo wa pafupifupi makilomita 100 pa msewu wa EN7 wopita ku Moatize. Kumeneko mphwanga uja ananditengera kwa mnyamata wina wokonza njinga zamoto amenenso amadziwa zamagetsi. Ine ndinafika ndi nzeru zanga kale. Ndinagula swichi ya kiyi ya njinga yamoto, ndipo ndinamuuza kuti adule waya wofiira wonenepa wochokera ku batire, aike kiyiyo pakati, basi tathana.

Mnyamatayo anapukusa mutu. "Madala, mukatero kiyi wanu sakhalitsa," iye anatero. Anandifotokozera kuti waya wonenepawo ndi umene umanyamula mphamvu yonse yopita ku injini, maampeya 15 kapena kuposa pokwera chitunda ndi katundu. Tizitsulo ta m'kati mwa swichi yaing'ono sitingapirire moto wotere. Timatentha, pulasitiki n'kusungunuka, ndipo nthawi zina timawotcherana moti njinga siingazimenso ngakhale utazula kiyi.

Kenaka anatsegula pansi pa chishalo nandionetsa kabokosi kotchedwa controller, kamene kamagawa mphamvu ya batire kupita ku injini. Pa mawaya otuluka m'kabokosiko panali kamodzi kowonda, kamene mwini woyamba uja anakalumikiza ku waya wofiira. Kawaya kameneko ntchito yake ndi kudzutsa kabokosi chabe, ndipo kamadutsa moto wochepa zedi. Kakapanda kulandira magetsi, controller imagona, ndipo ngakhale upotokole chogwirira motani gudumu silitembenuka. Pamenepo ndiye malo ake a kiyi.

Ndinaonetsetsa m'mene anagwirira ntchito, chifukwa safunsa anadya phula. Poyamba anachotsa batire. Kenaka anapotokola chogwirira kuti moto wotsalira m'kabokosi uthe. Swichi ndinagulayo inali ndi mawaya anayi, ndipo iye sanakhulupirire mitundu yake koma anayeza ndi mita. Awiri amagwirana kiyi akatsegulidwa, pamene awiri enawo amagwirana kiyi akatsekedwa, pakuti pa njinga yamoto ndi amene amazimitsa injini. Ukasokoneza, njinga izidzayaka pamene wazula kiyi! Anasankha awiri oyambawo, naika fyuzi yaing'ono, nawotcherera molumikizira monse m'malo mongopota, n'kumangirira swichi pansi pa chishalo pamene mvula siifika. Ola limodzi silinakwane.

Nditabwerera ku Zóbuè ndinapeza mlandu wina umene sindinauyembekezere. Alamu anga anazolowera kungotenga njingayo akafuna kupita kuchigayo, ndipo ine sindinkaletsa. M'mawa wina anaikwera, napotokola, njinga osasuntha. Ataona kabowo ka kiyi nkhope inagwa. "Alamu, kodi mwayamba kutiyesa akuba?" Kwathu kuno kiyi amalankhula, ndipo zimene amanena sizikoma m'makutu a abale. Sindinachulutse mawu. Ndinaitana mdzukulu wanga n'kuwaonetsa chipsera cha pachipumi. Ndinawauzanso kuti kiyiyu wakuba samuletsa, popeza njinga ili ndi zopalasira ndipo munthu angathe kuipalasa kapena kuinyamula n'kuwoloka nayo malire. Za akuba ndili ndi unyolo ndi loko. Alamu anakhala chete, kenaka anati, "Ndiye mundibwereke kiyiyo, chimanga chikudikira." Tinaseka tonse.

Lero makiyi alipo awiri. Mmodzi ali pa chingwe m'khosi mwanga, winayo amasunga mayi a kunyumba pamwamba pa kabati pamene ana safikira. Wamkulu aliyense wofuna njinga amapempha ndipo amapatsidwa, koma lamulo ndi limodzi: ukatsika, zula kiyi, ngakhale ukungolowa m'nyumba kukamwa madzi.

Inu anzanga amene muli ndi njinga zoterezi, kaya ku Moatize kaya kuno kumalire, yesani lero lomwe. Iimikeni monga mumaisiyira masiku onse, mukweze gudumu lakumbuyo, mupotokole chogwirira. Likatembenuka, dziwani kuti dzanja la mwana nalonso lingalitembenuze. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Mdzukulu wanga anachira, koma chipsera chija ndimachiona tsiku lililonse akabwera kudzandipatsa moni.