Ndalera gwape ku Norton, ndisekeni ndithu

Lachiwiri lapitali tinatsegula chitseko cha mpanda, gwape wathu n'kutuluka. Sanathamange ayi. Anaima pakhomopo kununkhiza mphepo, makutu ali chilili, kenako anangoti lowu mu udzu. Osacheuka n'komwe. Ine bambo wa ana atatu, wobadwira kunsi kwa phiri la Chongoni, ndinabwerera kunyumba mtima uli lobodo, nsima yamadzulo n'kundikanika. A kwathu ku Dedza, ndikudziwa kuti museka, sekani.

Ndimagwira ntchito pa famu ina kunja kwa Norton, makilomita ngati 40 kuchokera ku Harare ukamalowera ku Bulawayo, kufupi ndi nyanja ya Chivero. Za moto wolusa kuno sachita nazo masewera: a EMA, bungwe loona za chilengedwe, amafuna kuti mwini malo aliyense alambule mkuzi wotchinga moto wa mamita 9 m'lifupi. Koma mu Seputembala moto wina unadumpha mkuziwo, ndipo tinalimbana nawo ndi nthambi ndi masaka onyowa mpaka dzuwa kupendeka. Pobwerera ndinapeza gwape wamkazi atafera mu khwekhwe la waya, mawere ali odzaza. Chapatsogolo pang'ono, pachitsamba chimene moto unalambalala, panali kamwana kake, mwendo wakumbuyo utawauka, kali phee ngati mwala.

Chimene chinabwera m'mutu mwanga mukuchidziwa kale, ndiwo zobwera zokha sazifunsa. Koma mnzanga wachishona anali atakuwa kale kuti "Mhembwe!", kutanthauza gwape, ndipo adona a pafamupo anamva.

Anaimbira dokotala wa ziweto ku Harare. Funso lake loyamba silinali la bala, koma lakuti kodi tatsimikiza kuti make wafadi? Akuti ana ambiri amene anthu amatola si amasiye. Gwape amabisa mwana mu udzu n'kupita kukadya, n'kumabwera kudzamuyamwitsa mozemba, masabata angapo. Adona anadabwa ngati amva zakumwamba. Ine ndinaseka chamumtima, chifukwa agogo anga, amene sanaponde m'kalasi, ankanena zomwezo, kuti gwape sataya mwana. Kusiyana kwake n'kwakuti agogo akatero ankakhala pamenepo ndi uta, kudikira make.

Zimene zinatsatira, abale, sindinazionepo chibadwire. Choyamba adona sanakapatse kanthu, anakafunditsa kaye ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'thawulo, ati kamwana kozizidwa sikagaya mkaka. Wa ng'ombe dokotala anaukana kuti umatsegula m'mimba, ndiye ndinatumidwa usiku womwewo kukasaka wa mbuzi. Kuyamwitsa kwake, kayambe ndi jakisoni yopanda singano, kenako botolo, ndipo kakhale choimirira, osati chagada ngati khanda la munthu, kuopa kuti mkaka ungalowe m'mapapo. Kakamaliza, utenge kansalu konyowa ndi madzi ofunda uzikapukuta kumbuyo, m'malo mwa lilime la make, apo ayi sikakodza. Maola atatu alionse, usiku womwe. Mukuganiza kuti ntchito imeneyi inagwera yani? Ine, amene ana anga atatu onse sindinawasinthepo thewera. Akazi anga nditawauza pafoni anangoti, "Bambo a ana, ndiye mwasanduka nakubala kumeneko?"

Chondizunguza mutu kwambiri anali malamulo a dokotalayo. Osakapatsa dzina. Osakanyamulanyamula. Kakhale m'chipinda chamdima, chopanda phokoso, pakuti nyama zimenezi zimafa ndi mantha okha: ukaithamangitsa kapena kuigwiragwira, minofu imawonongeka, m'mawa n'kuipeza yauma gwa. Agalu a panyumba asakayandikire, ndipo wokadyetsa akhale mmodzi yekha. Ndinafunsa kuti nanga kuvutika konseku osakakonda n'chiyani? Dokotala anayankha kuti gwape amene saopa munthu ndi galu ndi wakufa kale, ndipo wamphongo woleredwa pamanja akakula amabaya yemweyo anamulera. Ntchito yonse inali yakuti kandiiwale. A ZimParks nawonso anadziwitsidwa, chifukwa nyama yakutchire sungangoisunga ngati mbuzi yako.

Apa ndilankhule chimene chinandiwawa. Ndalama imene inapita kwa dokotala pa ulendo umodzi wodzatsuka bala lija inaposa malipiro anga a sabata ziwiri. Mwezi womwewo mwana wanga wotsiriza anali ndi malungo kumudzi, ine ndili pamzere wa Mukuru kutumiza timadola tochepa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chimene ndatumiza chimangosungunuka m'manja. Pasipoti yanga inatha, zaka zinayi sindinaoloke pa chipata cha Nyamapanda, maliro a malume anga ndinawalira pa WhatsApp. Ndiye usiku wina, 2 koloko, botolo lili m'manja, ndinakalankhula kagwapeko mokweza kuti iwe uli ndi mwayi kuposa mwana wa munthu. Iko kanangonyambita chala changa.

Komanso asatinamize kuti kuno zonse n'zolongosoka. Nyanja ya Chivero yomweyi, imene Harare amamwa, yasanduka yobiriwira ndi zonyansa za m'tauni. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi ake, pamodzi ndi mbidzi ndi nkhwazi. Munthu kugona tulo tadukaduka chifukwa cha gwape mmodzi, chipembere chikugwa chifukwa cha chimbudzi cha mzinda! Ndipo amene amatchera mawaya aja ndimawadziwa, si afiti, ndi anthu amene ntchito za m'mafamu zinawathera kuyambira 2000. Ena ndi a mtundu wathu womwe.

Loweruka ndikapeza mpata ndimapita ku Lydiate, kumene kwadzaza adzukulu a anthu athu amene anabwera kale kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya. Chichewa chawo chasakanikira ndi Chishona, koma ng'oma ya gule ikalira umachita kuiwala kuti uli kwa eni. Mkulu wina kumeneko atamva nkhani yanga anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuti, "Achimwene, Kasiyamaliro timamuvinira ndi ulemu wonse, nanga maonekedwe ake anatengera nyama yanji?" Sindinayankhe. Ndi iyeyo amene anandiuzanso kuti malo otchuka olererako nyama zamasiye ku Bulawayo, Chipangali, dzina lake n'lathu. Vivian Wilson, amene anawatsegula mu 1973, anayambira ntchito kum'mawa kwa Zambia, kothana ndi kashembe, ndipo dzinalo analitenga kumeneko. Munthu ameneyu analemba buku lathunthu la agwape okhaokha. Nditamva zimenezo ndinayenda mapewa ali m'mwamba.

Kwathunso zilipo, kungoti ife akumudzi sitizidziwa. Kale ndinkadutsa pa Lilongwe Wildlife Centre, m'mbali mwa Lingadzi, ndikuyesa kuti ndi kocheza azungu, osadziwa kuti ntchito yake ndi yomweyi. Ndipo lamulo lakwathu la 2017 limafika mpaka zaka 30 m'ndende pa nyama zotetezedwa kwambiri.

Bala linapola mu Novembala. Tinakasamutsira mu mpanda waukulu kumapeto kwa famu, mkaka n'kumachepetsa, ine n'kumakaponyera masamba ndi masuku, amene kuno amati mazhanje, osadzionetsa. Pofika Januwale kankati kakamva mapazi anga, n'kubisala. Adona anaombera m'manja kuti tapambana. Ine zinandibaya. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Iko kapita kwawo, ine ndikadali pano.

Lero m'mawa ndaona mapazi ake pamatope a padambo, ndipo pampanda womwe uja ndachotsa makhwekhwe ena awiri. Inu a ku Linthipe ndi ku Mayani, anyamata akabwera ndi kagwape kuchokera kosaka mbewa, auzeni akakabwezere pomwe akatola dzuwa lisanalowe, make abwera usiku. Ndipo wina andiuze zoona: ku Chongoni agwape alipobe?