Dzuwa Logula Kusitolo

M'mwezi wa Disembala, ku Glasgow dzuwa limatuluka 9 koloko itatsala pang'ono kukwana, ndipo 4 koloko isanakwane limakhala litalowa. Maola asanu ndi awiri amenewo limayenda chozolika, m'munsimunsi mwa thambo, ngati mkamwini wodutsa pakhomo pa apongozi. Ku Dedza kumene mayi wina anakulira, usana sufupika kuposa maola khumi ndi limodzi ngakhale m'mwezi wa Juni, choncho iye anali asanaganizepo kuti dzuwa ndi chinthu chimene mlimi angasowe. Pa dimba chosowa chinkakhala madzi kapena manyowa.

Mayiyu amagwira ntchito yosamalira okalamba mumzindawo, ndipo chimene chinamufesetsa mpiru m'nyengo yachisanu ndi mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi. Mwanayo, wobadwira komweko, ndiwo zonse zamasamba ankazitchula ndi dzina limodzi la Chingerezi limene amaliwerenga pa mapaketi a kusitolo. Mpiru, nkhwani, chisoso, bonongwe, luni, khwanya, kwa iye anali mawu amene agogo amatchula pa foni, opanda kakomedwe kapena fungo. Dzina la ndiwo silikhalitsa m'kamwa mwa mwana amene sanazilawe.

Mbewu anaigula mosavuta. Anafesa m'timiphika pa zenera la kukhichini, ndipo patangopita masiku anayi inamera. Sabata yachiwiri mbande zinali zitatalika ngati ulusi, zotumbuluka, zonse zitaweramira ku galasi, kenaka zinagwa. Atafesa kachiwiri anagula pa intaneti nyale yopanira patebulo, yowala mtundu wapepo, imene wogulitsa analemba kuti ndi ya mawati 100. Khichini inasanduka ngati malo azisangalalo, ndipo mnzake wa kuntchito, wa ku Chipata, anamuseka kuti oyandikana nawo ayamba kunong'onezana kuti akulima chamba. Nyaleyo ankaisiya yoyaka usana ndi usiku, koma mbande zinatalikanso chimodzimodzi.

Anatumiza chithunzi kumudzi pa WhatsApp. Amayi ake, amene sanaonepo nyale yolimira mbewu, anayankha ndi mawu:

"Mbewu zimenezi zili pamthunzi, mwanawe."

"Ayi Amayi, nyale ikuyaka pamwamba pake, sindikuzimitsa n'komwe."

"Kaya nyale yakoyo. Ine ndikuona chimanga cha pansi pa mtengo wa mango."

Gogoyo ankanena zoona. Chichewa chili ndi mawu amodzi, kuwala, otchulira chimene diso limaona ndi chimene tsamba limadya, koma ziwirizi siziyezedwa ndi muyeso umodzi. Diso la munthu ndi lonyenga: m'chipinda mukachita kamdima limazolowera msanga, mwini wake n'kumati muli mbee. Tsamba lilibe kuzolowera kotere. Limapanga chakudya molingana ndi kuwala kumene kwaligwera, kukachepa mbewu imataya mphamvu zake zonse potalika kufunafuna dzuwa. Ndiye kuonda ndi kutumbuluka kuja.

Mwana wa mnzake wa ku Chipata uja, mnyamata wa kusekondale, ndiye anatembenuza kachipangizo kolumikizira nyaleyo ku magetsi n'kuwerenga timalemba tating'ono: mavoti 5, maampu 2. Anachulukitsa n'kunena mwaulemu kuti, "Anti, malaiti awa ni ya mawati 10 chabe." Nambala yaikulu ya pabokosi inali yongoyerekeza ndi mababu akale. Chinyengo chimenechi n'chofala pa nyale zolimira, ndipo woyamba kumene ayenera kufunafuna mawati amene nyale imakokadi ku magetsi.

Atayamba kuwerenga anapeza kuti manambala ena a pabokosi alinso ndi eni ake. Malumeni ndi muyeso wa diso la munthu, limene limamva kwambiri kuwala kobiriwira kopita ku chikasu. Mbewu imagwiritsa ntchito kuwala kwa pakati pa mananomita 400 ndi 700, makamaka kofiira ndi kwa buluu, ndipo muyeso wake ndi PPFD, imene imawerenga kuwala kogwera pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi pa sekondi iliyonse. Dzuwa la masana kopanda mitambo limafika cha m'ma 2,000. Ndiwo zamasamba zolimidwa m'nyumba zimakula bwino zikamalandira pakati pa 200 ndi 300 kwa maola ambiri. Wogulitsa wodalirika amalemba nambala imeneyi pamodzi ndi kutalika kumene anayezera, pakuti nambala yopanda kutalika ilibe tanthauzo. Babu limodzi mukalikweza kawiri kuchoka pamene linali, kuwala kofika pa tsamba kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Kanyale kake kanali pafupifupi theka la mita pamwamba pa mbande, pamene iye ankaona kuti kakuwalitsa tebulo lonse bwino.

Nkhani ya mtundu ndiyo inamutengera nthawi. Nyale zapepo sizonama. Amazipanga pophatikiza kufiira ndi buluu, ndipo mbewu zimakula nazo ngati zili zamphamvu. Vuto lake linali lina. Pansi pa kuwala kumeneko tsamba limaoneka lakuda, ndiye mlimi sangadziwe ngati labiriwira, lachita chikasu posowa chakudya, kapena lagwidwa nsabwe. Nzeru zonse zimene anaphunzira pa dimba la amayi ake zimadalira kuona mtundu wa tsamba. Anasankha nyale zoyera za LED, zimene zili ndi mitundu yonse ya kuwala. Pa nambala ya K, imene imasonyeza ngati kuyerako kukupita ku chikasu monga 3000K kapena ku buluu monga 6500K, anthu amakangana kwambiri kuposa mmene nkhaniyo ikuyenerera. Kwa ndiwo zamasamba, nyale yoyera iliyonse yamphamvu imagwira ntchito. Iye anatenga ya 6500K chifukwa ndiyo inalipo.

Anagula ziwiri zazitali ngati ndodo, iliyonse ya mawati 20, n'kuzimangirira kunsi kwa shelefu ndi zingwe zoti azitha kukweza mbewu zikamakula. Anazitsitsa mpaka masentimita 25 kuchokera pa masamba, n'kuika dzanja pamenepo kuti amve ngati pakuotcha. Anagulanso kawotchi koyatsa ndi kuzimitsa kokha, chifukwa ntchito yake ndi ya mashifiti ndipo mbewu imafuna usiku wake. Ndalama anaziwerengera monga amachitira aliyense wogula mayunitsi: mawati 40 kwa maola 14 pa tsiku ndi mayunitsi pafupifupi 17 pa mwezi. Akanagula masamba kusitolo mwina akanasunga ndalama, koma kusitolo ya pafupi ndi kwawo kulibe mpiru.

Ulendo wachitatu mbande zinamera zazifupi, zamiyendo yonenepa, masamba atatambasuka chagada. Gogo ataona chithunzi anangoti, "Eya, tsopano wazichotsa pansi pa mtengo. Upatulire, zathithikana." Zina za pakona, pafupi ndi chotenthetsera nyumba, zinathamangira kuchita maluwa, pakuti mpiru umatero kukatentha ndiponso usana ukatalika. Anazisuntha n'kuchepetsa maola kufika 13.

Patapita masabata asanu anathyola. Masamba anadzaza mbale yaikulu, koma ataphika anatsala ongokwanira kambale kamodzi. Nsinjiro anapera yekha m'makina a kukhichini. Mwana uja anatema nsima, kusunsa, kutafuna pang'onopang'ono, n'kukwinya nkhope.

"Amama, zikuwawa."

"Ndi mmene umakomera. Umenewo ndi mpiru."

"Mpilu?"

"Mpiru. Idya."

Anadya mbamu zitatu n'kupempha nkhuku. Madzulo ake anaimbira agogo n'kuwauza kuti mpiru ndi woipa, ndipo gogoyo anaseka mpaka kutsokomola, n'kumuuza kuti ayese bonongwe, ndi wofewa. Bonongwe amafuna kutentha ndi kuwala koposa kumene nyale ziwirizo zingapereke. Mayiyo wayeza kale shelefu yam'munsi, ndipo akudikira malipiro a mwezi wamawa.