Kuzemba wokutchingira: zomwe ndatola pa magemu



Ana athu a ku Kawale, Biwi ndi ku Area 25 akuthera ndalama m'tinyumba ta PlayStation, ndipo ambirife timangokalipa. Ine ndimayamba ndawafunsa chomwe atolako.

Pali gemu ina ya mpira wa ku America yotchedwa Madden NFL. Opanga ake ndi a EA Sports, omwe aja adayambitsa gemu ya FIFA mu 1993. Mu mpira umenewo kutchingira mdani nkololedwa. Wotchinga wa kumbali, yemwe amamutcha cornerback, amakhala wochepa thupi koma waliwiro. Chimphona chikangomumatirira, wothamanga ndi mpira wadutsa basi. Mankhwala ake ndi awa: afikitse manja msanga pachifuwa cha womutchingirayo, awongole mikono kuti asamatirane naye, maso akhale kwa yemwe ali ndi mpira, kenaka amukankhire kumbali.

Mu mpira wathuwu lamulo 12 limaletsa kutchingira, koma pa kona oyimbira saona zonse. Manja ndiye ayi, m'bokosi imakhala penate. Choncho anyamata a timu ya pasukulu ndimawauza kuti asaime njii. Asiye kampata pakati pawo ndi mdani, miyendo izisuntha, anyamuke mpira usanamenyedwe.

Phunziro limeneli mwana amalimva msanga ukaliyambira pa gemu yomwe amaikonda. Ndipo ukamumvetsera kaye, nayenso amamva ukanena kuti gemu ndi ya poweruka, MSCE ikubwera.

Inu mumatani kwanuko?