Lawi la buluu pa mbaula yathu

Mu June, chiperoni chikakuta phiri la Ndirande, ife a Fomu 4 timasonkhana asanu m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mnzathu kuno ku Makata, kukonzekera mayeso a MSCE. Usiku wina magetsi atazima tinayatsa kandulo, mbaula n'kuilowetsa m'kati, chitseko n'kutseka, mpata wa pansi pake n'kuutsekanso ndi chiguduli. Patapita nthawi tonse mitu inayamba kutiwawa. Wina anati ndi njala, wina anati ndi Chemistry. Mayi a mnzathuyo atabwera ndi tiyi sanafunse kanthu. Anatsegula chitseko ndi zenera, mbaula anaitulutsa panja, kenako ndiye anatikalipira.

Chochititsa manyazi n'chakuti usikuwo tinkawerenga mutu wa rates of reaction, wonena za liwiro limene zinthu zimasinthira zikakumana. Tinali titaloweza kuti kutentha kumafulumizitsa kusinthako, ndiponso kuti mpweya ukachuluka zimathamanga. Mbaula imene inali pakati pa miyendo yathu sitinaiganizire n'komwe.

Aphunzitsi atamva nkhaniyi anatifotokozera kuti makala amapsa kawiri. Pa khala lotentha, kaboni amagwirana ndi okosijeni n'kutulutsa mpweya wa carbon monoxide. Mpweya umenewu uyenera kupsanso kuti usanduke carbon dioxide, ndipo kalawi ka buluu kamene kamavina pamwamba pa makala ofiira ndiko kupsa kwachiwiriko. Kupsa kumeneku n'kosachedwa kunyanyala. Kumafuna kutentha kwambiri ndi okosijeni wokwanira. Mpweyawo ukangokwera pang'ono n'kuzizira, kusintha kumachedwa mpaka kukhala ngati kwaima, ndiye carbon monoxide amangofalikira m'chipinda osapsa. Svante Arrhenius wa ku Sweden analemba masamu ake mu 1889: kutentha kukatsika pang'ono, liwiro limagwa kwambiri.

Chimene chinatidabwitsa koposa ndi cha Harold Dixon wa ku England. Mu 1880 iye anapeza kuti carbon monoxide wouma, wosakaniza ndi okosijeni, saphulika ngakhale umuyatsire kamoto, pokhapokha pakhale chinyontho pang'ono. Madzi kuthandiza moto! Zinatenga zaka kuti akatswiri amvetse kuti mpweya ukamapsa pamabadwa tizidutswa tosakhalitsa timene timapatsirana ntchito ngati anthu opatsirana njerwa pa chimango. Nikolay Semenov ndi Cyril Hinshelwood analandira mphoto ya Nobel mu 1956 chifukwa cha kafukufuku wa mtundu umenewu. Zonsezi zimachitika pa mbaula yophikira nsima, tsiku ndi tsiku.

Makolo athu, ambirife timadikira utsi uthe, makala afiire bwino, kenako timati tsopano ingalowe m'nyumba. Apa ndi pamene timalakwitsa. Utsi umatsokomoletsa, munthu n'kuthawa. Carbon monoxide alibe fungo, alibe mtundu, ndipo makala ofiira opanda utsi amamutulutsabe. M'magazi, iye amakakamira pa hemoglobini mwamphamvu kuposa okosijeni koposa ka 200. Amayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, kenako tulo. Wogona sadziwa kuti akufunika kudzuka. Ife tinkaona ngati tikuwodzera chifukwa cha kuwerenga, ndipo mmodzi wa ife anali atatsamira kale khoma.

Kwa akuluakulu a komiti tili ndi pempho limodzi: m'miyezi yozizirayi, kalasi imodzi izikhala yotsegula madzulo, yokhala ndi nyali ya sola, kuti owerengera mayeso asamadzitsekere m'tizipinda ndi moto. Ana a Fomu 3 adzafika pomwe tili ifepa chaka chamawa, chiperoni chidzakhala chomwechi.

Pakadali pano mbaula imakhala pakhonde. Timatuluka kukaotha manja, n'kubwerera ku mabuku titavala majuzi awiriawiri. Mayi aja amabwerabe ndi tiyi, ndipo asanaike kapu pansi amayamba ayang'ana zenera.