Sukulu ya Pakhonde Pathu

Ambiri a ife amene tili pa sukulu yogonera ino tinaiwala kale kuti panali nthawi imene sitinkatha kulemba ngakhale dzina lathu. Tikamanyadira Chingerezi ndi masamu ovuta, sitikumbukira munthu amene anatigwira dzanja kuti tilembe "a" woyamba. Ine ndinaiyesa ntchito imeneyi pa tchuthi cha Pasaka, ndipo ndifuna kukusimbirani, anzanga, zimene ndinaona.

Kwathu sukulu ya pulaimale ili kutsidya kwa mtsinje, ndipo mvula ikachuluka ana aang'ono sawoloka. Chaka chino mlongo wanga wa Sitandade 2 ndi mphwanga wa Sitandade 1 anakhala pakhomo masabata angapo, kotero kuti amayi anachita mantha kuti anawo abwereza kalasi. Nditangofika anandiuza kuti, "Iwe unawoloka kale, tsono usangodya nsima pano. Uwaphunzitse abale akowa." Sukulu yathu inali pakhonde, bolodi lathu linali chitseko chakale, ndipo choko chathu chinali chinangwa chouma.

Chilankhulo chathu chili ndi chifundo kwa mwana. Malembo a liwu alipo 5 okha, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi kulikonse. Chotero tinkaomba m'manja podula mawu m'maphatikizo, ma-ta-ba, nyu-mba, ndipo mwana akamva bwino amalembanso bwino. Amene tikulimbana ndi mawu a Chingerezi okhala ndi malembo ongogona osatchulidwa tidziwa kuti uwu ndi mwayi ndithu.

Koma pali lembo limodzi limene linatitayitsa masiku, ndilo h. Ana amalitchula bwino lomwe polankhula, koma polemba salimva. Mphwanga ankalemba "pala" pofuna kunena phala, ndi "kola" pofuna kunena khola la mbuzi. Kumufotokozera ndi mawu kunali kutaya nthawi. Ndinatola nthenga ya nkhuku ndi kumuuza kuti aigwire pafupi ndi milomo yake. Akati "ponya" nthengayo inali duu, koma akati "phonya" inkagwedezeka. Lamulo lathu linakhala lakuti nthenga ikavina, h alowe. Tsiku limenelo anawo anayenda ndi nthenga zawo mpaka kumtondo, kuyesa mawu onse amene amayi ankalankhula. Nkhodolero ya mu ng' inali yosavuta pamene anamva kuti ng'oma ndiyo timaimba pagule, koma ngoma ndi nyama ya kuthengo ya nyanga zopotana.

Za l ndi r khutu silithandiza kwenikweni, pakuti malembo awiriwa sasintha tanthauzo la mawu m'Chichewa. Apa ndinangowapatsa lamulo la kusukulu, lakuti kawirikawiri r amatsata i kapena e, monga lira ndi lero, pamene l amatsata a, o ndi u, monga mbale, khola ndi kula.

Mlandu weniweni unabwera ndi agogo athu aakazi. Iwo anaphunzira pa sukulu ya mishoni dziko lino lisanalandire ufulu mu 1964, ndipo mpaka lero amalemba mwaluso kuposa ine. Tsiku lina anaona mlongo wanga atalemba "chimanga" pachitseko, ndipo anafufuta h ndi chala chawo nati, "Mwanawe, cimanga sichifuna mchira wotere." Mwanayo anandiyang'ana ine, nayang'ananso agogo, misozi ili pafupi. Akamvera agogo, aphunzitsi akamuchongera cholakwa. Akamvera ine, ndiye kuti agogo amene amamuwerengera Baibulo usiku uliwonse sadziwa kulemba. Ndipo ine ndine yani kuti nditsutse agogo pamaso pa ana?

Chimene chinandipulumutsa ndi phunziro la Chichewa la m'kalasi mwathu muno. Ndinapempha agogo kuti atibwereke Buku Lopatulika lawo lakale lija, lomasuliridwa ndi amishoni ndi kutuluka koyamba mu 1922. Tinatsegula pamodzi, ndipo anawo anaona ndi maso awo kuti c ali yekha m'masamba onse. Pamenepo ndinawafotokozera mwaulemu kuti m'chaka cha 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko, kuti mu 1972 boma lidakhazikitsa Bungwe la Chichewa, ndipo kuti malamulo a kalembedwe amene bungwelo lidatulutsa mu 1973 adatsata ch. Ndinawonjeza kuti anzathu a ku Zambia amalembabe Cinyanja ndi c yekha, monga momwe agogo amalembera. Tsono agogo sanalakwe, ndinatero, koma mayeso a mwanayu adzachongedwa ndi malamulo atsopano.

Agogo anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ngati ndi boma linasintha, alembe za boma. Koma ine dzanja langa lakalamba, silingaphunzire mchira." Kuyambira tsiku limenelo iwo ndiwo anakhala oyitana mawu pa lembetso lathu la madzulo, ndipo ankatchula pang'onopang'ono, momveka bwino kuposa mmene ine ndinkachitira. Pofika tsiku lobwerera kuno, mlongo wanga ankakhoza mawu 8 kapena 9 pa mawu 10. Mphwanga akadalimbanabe ndi nthenga yake.

Sabata yatha ndinalandira kalata yoyamba imene mlongo wangayo walemba m'moyo wake. Inayamba ndi "Achimwene," h ali pamalo pake, ndipo inandiuza kuti mtsinje waphwa ndi kuti ayambanso kupita kusukulu. Pansi pake panali mzere umodzi wa dzanja lina, lopendekeka bwino, wakuti, "Cimanga cako cokazinga takusungira."